Tegwared Amva Maliro Ake Ali Moyo

Mbuye wathu Rhirid ap Cynan, mwini denga lino ndi moto uno, ndakugwadirani. Mayi Elliw, inu amene makiyi a nyumba ino amalira m'chiuno mwanu, ulemu wanu. Bambo Mfumu, amene mwadalitsa chakudya mwachidule lero, Mulungu akukumbukireni chifundo chimenecho. Akapitawo a nyumba, Gethin wa zeze, anzanga a kukhitchini ndi a kukhola la akavalo. Mayi Mabli, mlamu wanga, pamodzi ndi ana ndi adzukulu amene mwadzaza benchi lonselo. Ndi inu a Tegwared, mlakatuli wa nyumba ino ya Bryn Helyg, amene mwakhala apo ngati munthu wodikira kuzulidwa dzino. Moni nonse.

Alendo amene simundidziwa, ndine Bedo. Ntchito yanga ndi pakamwa pano ndi ndodo iyi. A Tegwared amapeka ndakatulo, ine ndimaisunga m'mutu, kenako ndimaima pakati pa holo n'kuinena mokweza, ndodo ikugunda pansi. Mawu ndi awo, mmero ndi wanga. Ikakoma, anthu amati a Tegwared ndi katswiri. Ikaipa, amati Bedo ali ndi chimfine.

Lero mbuye wandilamula kuti ndilankhule mawu angaanga. Sindinazolowere. Mukaona ndikusochera, mundibweze.

Nonse mukudziwa chatisonkhanitsa. Phwando lino la Pentekoste ndi lomaliza kwa a Tegwared ngati mlakatuli wa nyumba. Mawondo akana. Mapiri amene tinkakwera tikuimba, tsopano amawayang'ana ngati adani. Akupita kukakhala m'kanyumba kaja ka pafupi ndi mphero, kukaweta njuchi. Njuchizo ndazimvera chisoni kale, chifukwa zidzayamba kuuzidwa kuti kulira kwake sikukugwirizana.

Ndinayamba kuwanyamulira mawu tonse tili ndi tsitsi lakuda. Inde, ana inu, agogo anuwa anali ndi tsitsi. Ndipo ntchito yathu yoyamba yeniyeni inali maliro. Gethin, usaseke ndisanayambe.

Kunabwera munthu wogulitsa mchere. Anati wadutsa kwa mbuye Ynyr kutsidya la mtsinje, ndipo wasuzumira pakhomo. Waona mkuluyo atagonekedwa chagada, nsagwada zitamangidwa ndi nsalu, wansembe ali pambali, amayi akusisima. Tonse tikudziwa munthu amene amamangidwa nsagwada. A Tegwared magazi anawira. Anati, "Bedo, tikachedwa alakatuli ena atitsogolera. Tenga ndodo." Anapeka ali m'njira, mvula ikutikwapula, ine ndikumeza mzere uliwonse ukangotuluka. Sitinafunse munthu. Safunsa anadya phula.

Tinalowa tili chinyowere. Ndinagunda ndodo, ndinayamba. Ndinalira kuti mtengo waukulu wagwa. Ndinalira kuti amasiye asowa mthunzi. Amayi aja analeka kusisima, akungondiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ine mumtima ndikuti ndawagwira. Nditafika poti adani ake apuma tsopano, mtembo unadzutsa mutu.

Linali dzino, abale anga. Dzino lakumbuyo.

Ndodo inandigwa m'manja. A Tegwared anali atafika kale pakhomo, mwendo umodzi uli kunja. Koma mbuye Ynyr anamasula nsalu ija n'kunena kuti, "Ukuthawira kuti, mnyamata? Pitirizani, pafika pokoma. Koma pamene mwati ndinathamangitsa adani ambiri, muwonjezere. Anali ambiri kuposa pamenepo." Tinainena mpaka kumapeto, mwini maliro akugwedeza mutu ndi kupukuta misozi. Kuyambira chaka chimenecho, Khirisimasi iliyonse ankatiitana kuti tikamuike m'manda kaye asanadye. Tsiku limene anamwaliradi, anthu onse m'nyumbamo ankainena nane pamodzi, mpaka ophika.

Pobwerera tsiku loyamba lija a Tegwared anandiuza mawu amene sindinawaiwale. Anati, "Waona, Bedo? N'chifukwa chake alakatuli amapekerana ndakatulo za maliro adakali moyo. Wakufa samva kanthu." Mawu amenewa muwasunge, ndiwabwerera.

Nanga za kavalo? Mbuye, mundikhululukire, nkhaniyi ndi ya bambo anu, malemu mbuye Cynan. Anasirira kavalo wamphongo wa mnzawo wa kumpoto. Monga mwa mwambo, anatuma mlakatuli kuti akamupemphe ndi ndakatulo, poti chopemphedwa ndi ndakatulo pamaso pa anthu sichikanidwa wamba. A Tegwared anamutamanda kavalo uja! Khosi lake, ziboda zake, mphuno zake, liwiro lake. Ine ndikunena, ndikuona mwini wake akusintha nkhope. Anatuluka, anapita kukhola, anakamuyang'anitsitsa kavalo wake, anabwera. Anati, "Sindinkadziwa kuti ndili ndi chuma chotere. Kukana sindingakane, koma tengani mayi wake, poti zabwino zonsezi zinachokera kwa iyeyo."

Tinabwera ndi nkhalamba ya kavalo, msana wolowa ngati bwato. Mbuye Cynan anaseka mpaka kutsamwa, n'kutipatsa ife tomwe. Tinamutcha Sisitere, chifukwa pamtsinje uliwonse ankayamba wagwada. Koma ndiye anatinyamula zaka zambirimbiri, Khirisimasi, Pasaka, Pentekoste, nyumba ndi nyumba, ife awiri pamsana umodzi. Ine kutsogolo, iwo kumbuyo. Ndipo mukudziwa khalidwe lawo lija lowerenga kagundidwe ka mzere ndi zala. Amagogoda chilichonse chimene chili pafupi. Tebulo, chikho, mutu wa mdzukulu. Paulendo ankagogoda msana wanga. Nditavula malaya pano mukhoza kuwerengapo ndakatulo zonse za nyumba ino. Sindivula, Bambo Mfumu, khalani pansi mtima.

Za tchizi chowotcha sindinena zambiri. Mallt wa kukhitchini ndiye mboni. A Tegwared akhoza kuimitsa ndakatulo ya mfumu pakatikati akangomva fungo lake.

Koma mboni yaikulu ndi Mayi Mabli. Mlamu, inu ndiye mwapirira. Amuna anuwa, monga alakatuli onse, m'ndakatulo zawo ankatuma mbalame ndi nyama kukapereka uthenga wachikondi kwa atsikana. Atsikana oti kulibe, Bambo Mfumu, ongopeka. Anatuma bakha. Anatuma gwape. Tsiku lina anatuma mpaka chule. Ndinalipo tsiku limene Mayi Mabli anaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kuti, "Bambo a Efa, mwa antchito anu onsewa, palibe ngakhale mmodzi woti mungamutume nkhuni?" A Tegwared anadzuka okha kukatola. Uthenga umenewo sunafune mbalame.

Taseka, ndipo n'koyenera. Tsopano ndiloleni ndithokoze.

A Tegwared, nyumba ino mwaisungira mayina. Palibe mwana wobadwa pansi pa denga lino amene sadziwa makolo ake mpaka kalekale, chifukwa inu munawalumikiza mmodzimmodzi n'kuwaika m'nyimbo. Maukwati athu munawakometsa. Mbuye akalakwa, munkawauza mokoma, koma munkawauza. Angelezi a m'tauni ya mpanda ija atakuitanani kuti muzikasangalatsa akuluakulu awo, mudye nyama tsiku ndi tsiku, munayankha kuti simudziwa kutamanda munthu amene agogo ake simukuwadziwa. Munabwerera kuno kudzadya mkate wa balere ndi ife.

Ndipo mbuye, Mayi Elliw, mundikhululukire pokhudza bala. Chaka chimene mwana wanu Meurig sanabwere kuchokera kunkhondo ya kutsidya la nyanja, tinalibe mtembo woti tiike. Nyumba ino inali zii, ngakhale agalu sankauwa. A Tegwared anakhala masiku osadya, akuyendayenda kumunda wa maapozi kumene Meurig ankasewera. Kenako anandiitana. Ndinaima pamene ndaima pano. Sindikudziwa kuti ndinamaliza bwanji. Koma tsiku limenelo tinamuika Meurig, m'mawu, ndipo mayi ake analira koyamba. Mpaka lero abusa kuphiri amaimba mizere ija, ena oti Meurig sanamuonepo. Ntchito yanu ndi imeneyo, a Tegwared. Zikomo. Ndikunena m'malo mwa amoyo ndi akufa omwe.

Tsopano ndifike pamene pandivuta. Ndanena kuti mawu ndi angaanga, koma chilolezo ndachitenga kwa Mayi Mabli ndi kwa mbuye. Mukafuna wokalipira, a Tegwared, yambani ndi akazi anu, tione.

M'nyengo yachisanu yapitayi tinkachokera kumaliro a mmisiri wa zitsulo. Tinapuma pamwala pamwamba pa phiri, inu mukusisita mawondo. Munati, "Bedo, chigwa chonsechi ndachiika m'manda ndi mawu. Nanga ine adzandiika ndani? Ndidzapita ngati nkhosa, chete." Ndinayesa kuseka, inu simunaseke. Ndipo munkanena zoona. Mlakatuli sadzipekera maliro ake. Ine sindipeka, ndimangonyamula. Ophunzira anu, wina anamwalira, wina akulembera Angelezi za misonkho. Mbali yonse ino ya mapiri kwatsala mlakatuli mmodzi yekha wa msinkhu wanu. Dzina lake silitchulidwa m'nyumba muno. Ine ndilitchula. Idwal Goch.

Ee, ndaona nkhope yanu. Khalani pansi, sindinathe.

Achinyamata simukumudziwa. Idwal ndi a Tegwared anaphunzira kwa mphunzitsi mmodzi. Ankafunda bulangete limodzi, kudya m'mbale imodzi. Atakula ankalimbana ndi ndakatulo, uyu kuponya, uyu kubweza, chigwa chonse chikudikira yankho ngati mvula. Ankanyozana pamaso pa anthu, kenako n'kukamwera chikho chimodzi kuseri. Sindinaonepo anthu awiri okondana mwaphokoso chotero.

Zinaonongeka paukwati wa mbuye wathu ndi Mayi Elliw, m'holo muno. Akuluakulu mukukumbuka mwambo wa chitsa. Paukwati waukulu mlakatuli wamkulu amamukhazika pachitsa pakati pa anthu, anzake onse n'kumamunyoza ndi ndakatulo mmene angathere, iye osayankha mpaka mawa lake. Lamulo lake ndi limodzi. Chipongwe chonse chikhale bodza. Umunamizire kuti anaba atsekwe a wansembe, kuti anagwera m'chitsime akuthawa mwamuna wa mwini. Bodza limaseketsa ndipo silisiya chipsera.

Tsiku limenelo pachitsa panali a Tegwared. Ena onse ananama bwinobwino, anthu akugubuduka ndi phwete. Kenako anaima Idwal, mowa wa uchi utamukwera, akufuna kuposa onse. Iye ananena zoona.

Ananena kuti munthu amene amawerenga makolo a mafumuyu, bambo ake anali Madyn, kapolo wa pamunda, woweta nkhumba za mbuye m'nkhalango. Ambiri sankadziwa. Mwana wa kapolo saloledwa kuphunzira ulakatuli popanda chilolezo cha mbuye wake. Mbuye Cynan anamumva mwanayo akuimbira nkhumba, anamumasula mwakachetechete, n'kumutumiza kutali kukaphunzira. Atabwera ankangotchedwa Tegwared, basi. Pakati pa anthu amene aliyense ndi uje ap uje ap uje, ndiko kuti uje mwana wa uje mwana wa uje, iye yekha dzina lake linkathera panjira. Chinsinsicho anauza munthu mmodzi, pansi pa bulangete lija.

Anthu anayamba kuseka, kenako anaona nkhope ya mbuye Cynan, kuseka kunazima. Ine ndinali pafupi ndi chitsa. Ndinaona zala zanu, a Tegwared. Kanali koyamba kuziona zitaleka kugogoda.

Mawa lake munayankha, ndipo wonena ndinali ine. Ndanyamula ndakatulo zambiri, koma ija inandiwotcha pakamwa. Munamutemberera Idwal kuti poti waona zimene sanayenera kunena, maso ake azime. Anatuluka pakhomo ilo osatsanzika. Patapita zaka tinamva kuti Idwal Goch wachita khungu. Ndipo tonse tinakulira kumva kuti temberero la mlakatuli silipita pachabe.

Kuyambira tsiku limene tinamva, munthu uyu sanapekenso ndakatulo yonyoza, ngakhale ya galu. Mayi Mabli akudziwa mmene ankakhalira duu, kuyang'ana kumapiri a kumpoto. Iye ankati wachititsa khungu mnzake. Idwal kwawoko ankati wavula mnzake pagulu. Aliyense akuopa nkhope ya mnzake, zaka zikungopita, tsitsi likuthothoka.

Pali chinanso chimene ndikudziwa ine ndekha. Chaka chimene tinamva za khungulo, a Tegwared anapeka ndakatulo ya maliro a Idwal. Anandiphunzitsa kumunda wa maapozi, n'kundilumbiritsa kuti ndisadzainene mpaka Idwal atamwalira. Lumbirolo ndalisunga. Palibe anamvapo mzere ngakhale umodzi. Koma ndikuuzeni, anthuni, mwa zonse zimene zili m'mutu uno, yoposa ija mulibe. Ndipo yandilemera. Ine ndakalamba nanenso. Ndikatsogola ine, ipita nane m'dothi, mwini wake asanaimve.

Mayi Mabli atamva zimene amuna awo ananena paphiri paja, sanachedwe. Anandiitanira kuseri kwa khola. Anati, "Alamu, amuna awiriwa akudikirana ngati atambala. Mmodzi adzafa, wotsalayo adzalira mpaka kufa nayenso. Nyamukani." Anandimangira mkate ndi tchizi. Kunyumba ananena kuti ndapita kukaona mlongo wanga wodwala. A Tegwared, mlongo wanga ali bwino, uyo wakhala apoyo akudya.

Ndinamupeza Idwal atakhala pakhomo pake akuwothera dzuwa. Tsitsi lofiira lija layera lonse. Ndisanalankhule, anamva kugunda kwa ndodo pamiyala. Anati, "Ndodo imeneyo ndikuidziwa. Ndi ya khwangwala wa Tegwared." Kenako anagwira chitseko. Anati, "Wafa?"

Ndinati, "Ayi, ali moyo."

Anapuma mpweya wautali. Kenako anati, "Ndiye ukufunanji kuno, chitsiru iwe? Wandidula mtima pachabe."

Ndinamufotokozera zonse. Za mawondo, za njuchi, za mawu a paphiri. Ndinati, "A Idwal, ndabwera kudzapempha. Mumupekere mnzanu ndakatulo ya maliro, aimve adakali moyo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Ndimupekere? Iwe Bedo, ukuganiza kuti munthu wakhungu amachita chiyani nyengo yonse yachisanu? Amasoka? Ndinaipeka kalekale. Chaka chilichonse ndimaisula, ndimaichotsa apa, ndimaiwonjezera apa. Akazi anga anamwalira atatopa nayo."

Ine misozi inali italengeza. Ndinati, "Iye akuti maso anuwa anawazimitsa ndi iyeyo."

Mukanamuona mmene anadzukira! Anati, "Ati chiyani? Mayi anga anamwalira akhungu. Agogo anga chimodzimodzi. Ndi za kumtundu kwathu izi. Ukamuuze asadzitame. Kandakatulo kake kaja kanali kofooka, sikangachititse khungu ngakhale nkhuku." Kenako anakhala pansi, mawu anatsika. Anati, "Koma yanga ija inalasa. Ndinaiona ikulasa, nthawi imeneyo ndinali ndi maso. Chinthu chomaliza chimene ndimachionabe bwinobwino ndi nkhope yake pachitsa paja."

Mwamva, a Tegwared? Katundu amene mwasenza zaka zonsezi si wanu. Tulani.

Ndinamupempha kuti andiphunzitse ndakatuloyo ndibwere nayo. Anakana. Anati mmero wanga ndi wa ng'ombe, ndingaiononge. Anati adzainena yekha. Koma anaika mawu awiri, ndipo ndiwapereka monga anandipatsira. Oyamba, anati, "Ndakatulo ya maliro imayamba ndi makolo a munthu. Yanga imayamba ndi Madyn. Sindichotsa. Ngati sakufuna kumva dzina la bambo ake m'holo ija, anene, ndibwerere." Achiwiri, anati, "Pakhomo paja ndinatuluka ndekha ndili ndi maso. Sindingalowepo ndekha ndilibe. Adzandilowetse ndi dzanja lake, osati la wantchito, osati lako."

A Tegwared, Idwal Goch ali panja. Wakhala pamwala wokwerera akavalo chiyambire phwando lino. Mallt wamupatsa msuzi, ndipo waunena kale kuti wachepa mchere.

Palibe akukukakamizani. Mbuye sanalamule, ndipo sadzalamula. Mukapukusa mutu, ine ndituluka, ndimukweza pakavalo, ndimuperekeza kwawo, phwando lipitirira. Mudzapita kunjuchi zanu ndi ulemu wonse umene tanena pano, ndipo palibe adzakunenani. Koma munandiuza nokha, tsiku la dzino lija, kuti wakufa samva kanthu. Inu muli moyo. Iye ali moyo. Chitseko ndi icho.

Ndadikira zaka zambiri, ndikhoza kudikiranso pang'ono.

Taonani, akudzuka. Efa, usawagwire bambo ako. Asiye. Apatse ndodo yawo yokha.

Gethin, chotsa zeze wakoyo panjira. Ana inu, bwezani miyendo. Apatseni mpata.

Tsegulani zitseko zonse ziwiri.

Pang'onopang'ono, akuluakulu, pali chopunthwitsa pakhomopo. Ndi amenewo. Taonani, anthuni. Mmodzi alibe mawondo, wina alibe maso, awiriwa akaphatikizana akukwana munthu mmodzi wabwinobwino.

Akumbuyo simukumva? Mawu awo atha mphamvu, koma ntchito yanga ndi yomweyi, ndikubwerezerani. A Idwal awapapasa kumaso, ati, "Wakalamba ngati chikwama chachikopa, iwe." A Tegwared ati, "Iwe wachedwa, tchizi chatha." A Idwal ati, "Ndikudziwa amene wamaliza."

Akhazikeni pamodzi. Ayi, osati uko, pabenchi limodzi. Chete tsopano. A Idwal akuti ayamba ndi chiyambi chokha, zotsalazo akamwa kaye. Nenani, akulu, ine ndikweza. Mmero wa ng'ombe womwewu.

Madyn anaweta nkhumba m'nkhalango ya mithundu,
mwana wake anaweta mayina a mafumu.
Kwa bambo sikunatayike ngakhale imodzi,
kwa mwana sikunatayike ngakhale limodzi.

Mundipatse kanthawi. Utsi wa m'nyumba muno umandivuta m'maso.

Mwati chiyani, a Tegwared? Nenaninso, ndisalakwitse.

Ati linatayika limodzi. Ati mwa mayina onse amene anaweta, anataya la bambo awo, ndipo wabwera nalo ndi wakhungu. Ati ndikamaliza, ndiwatchule bwinobwino, dzina lonse.

Atinso lumbiro lija andimasula. A Idwal, konzekani, yanu ikubwera, ndipo mulira, ndakuchenjezani. Ayi, musayambe kukangana kuti iyambe ya ndani. Mwayamba kale? Mbuye, ndi inu mutaweruze zimenezi, ine sindilowerera. Chigwa chino chinasowa phokoso limeneli.

Ndimalize, chakudya chisazizire.

Mkulu wanga, mnzanga wa pamsana pa Sisitere. Pitani mukapume. Njuchi zikumvereni. Mawondo aleke kukuimbani mlandu. Mayi Mabli akutumeni nkhuni tsiku lililonse, ndipo muzipita nokha. M'kanyumba kaja muikemo mipando iwiri pafupi ndi moto, chifukwa ndikuona kuti mlendo uyu sabwerera msanga. Mukapeka kanthu, ngakhale ka njuchi, munditumizire mawu. Msana wanga ulipo, muzidzagogoda.

Tsopano imirirani nonse amene mawondo akukulolani. Dzazani zikho. Ndanena mayina ambiri m'holo muno, a mafumu, a ankhondo, a oyera mtima, ndodo iyi ikugunda. Ili sindinalinenepo, ndipo ndilinena mokweza kuti limveke mpaka kunkhalango ya mithundu.

Tegwared ap Madyn!

M'manja, anthuni! M'manja mwamphamvu, aimve adakali moyo!